Kamtengo ka M'chigubu

Kuchokera kwa a NyaZimba,
Magodi, Lundazi,
Zambia.
24 Novembala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko, ndiponso kuti mwendo uja wasiya kukuvutani. Ife kuno tadzuka. Mdzukulu wanu Madalitso akuyamwa ngati analembedwa ganyu, ndipo mkamwini wanu a Yakobe akuti ndikupatseni moni wambiri. Musadabwe kuti ndalemba kalata masiku ano a mafoni. Foni ya achimwene a Ezron mukuidziwa nokha: ndikaimba amaikweza mawu, mudzi wonse n'kusonkhana pakhonde, mpaka ana a eni kumandiyankha mafunso amene ndafunsa inu. Zimene ndikufuna kukuuzanizi si za pakhonde ayi. Muvale magalasi anu a kutchalitchi aja, muwerenge muli nokha.

Akubweretsereni kalatayi ndi Natasha, uja amagulitsa kaunjika mbali zonse ziwiri za malire. Akupatsaninso thumba la feteleza, m'kati mwake muli kamtengo ndi dothi lake. Chonde musaliponye pansi, musalisiye padzuwa, ndipo mbuzi za amalume zisaliyandikire mpaka mutamaliza kuwerenga.

Amayi, sabata yathayi tinatsala pang'ono kugona pamtetete ndi khanda, mitambo ya mvula itazinga kale. Mpaka pano mtima wanga sunakhale m'malo. Ndikamva njinga yamoto ikubwera, ndimasiya chimene ndikuchita n'kuimirira, ndikuti basi abwera kudzatitulutsa. Koma ndiyambire poyambira kuti mumve bwino.

Pafoni ndimangoti tikukhala, koma kukhala kwake sindinakufotokozereni. Titangofika kuno chaka chatha, a Yakobe anapeza ntchito ya fodya pa famu ya a Jones ku Chikomeni, ndipo anatilonjeza nyumba. Nyumbayo inali chigafa, Amayi, chomwecho choyanikamo fodya, anangotchinga ngodya imodzi ndi udzu. Tinati palibe kanthu, poyamba pamakhala chonchi. Fodya atayamba kuthyoledwa, kapitawo anabwera n'kutiuza kuti tisunthe pang'ono. Tinasuntha. Patapita masiku, tisunthenso pang'ono. Pofika mwezi wa Malichi fodya anali atadzaza chigafa chonse, mphasa yathu ili kunja kwa denga, ine ndili ndi mimba ya miyezi itatu, ndikusanza ndi fungo lake m'mawa uliwonse. Nditadandaula, kapitawo anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti fodya akanyowa amawola, koma munthu amauma.

Titachoka kumeneko tinapita pa Boma, kuseri kwa golosale ina, m'kachipinda koti munthu ukagona mapazi amagunda chitseko. Mwini wake ankagula chimanga kwa alimi, ndipo matumba akamuchulukira ankabwera nawo kwathu, osagogoda n'komwe. Tinkagona ndi anankafumbwe, makoswe akuthamangitsana pamwamba pathu. Tsiku lina ndinamufunsa mwaulemu ndithu kuti kodi chipindachi ndi chathu kapena ndi nkhokwe. Iye anangoseka, amvekere, "Imwe a ku Malawi mumakamba maningi. Mapepala muli nayo?" Chiphaso chodutsira malire ndinali nacho, koma funso limeneli likamveka pagulu, mlendo umangogonja. Sipanapite nthawi, mphwake anabwera kuchokera ku Chipata, chipinda chinafunika, ife panja.

Kamtengo kali m'thumbamo mukukadziwa, ngakhale simunakaonepo. Mukukumbuka pa Khirisimasi nditabwera kudzakuonani, munandilongedzera mango a mumtengo wa kuseri kwa khitchini, uja mumati pansi pake munakwirirapo mchombo wanga? Ndinadya pafupifupi onse ndekha, a Yakobe anangolawako. Njere imodzi sindinafune kuitaya. Ndinadula chigubu cha mafuta ophikira, n'kuthiramo dothi, ndipo inamera. Posamuka paliponse a Yakobe ankamanga mphasa, ndowa ndi thumba la mapoto panjinga, ine pambuyo ndi mimba yanga, chigubu chili pamutu. Anthu m'njira ankaseka. Mayi wina pa msika anandikuwa kuti, "Amai, ku Zambia mitengo iliko, mwaivutikila chani iyo?" Nawonso akamwini anuwa tsiku lina atatopa anati ndichitaye chigubucho, ine n'kuwauza kuti ayambe ataya njinga yawo. Kamtengoko sikankakula, sikankafanso, kanangokhala ndi timasamba take tomweto.

Kenaka Mulungu anatikumbukira. Kutchalitchi tinadziwana ndi mayi wina wamasiye wa kuno ku Magodi, a Evelina, amene aliyense amawatchula kuti a NyaZimba. Mwana wawo Mathew anapita ku Kitwe kalekale, nyumba yake inangokhala, ndipo anatiuza kuti tikhalemo, ife tiziwathandiza kumunda ndi kuyang'anira ng'ombe. Anatipatsanso kachigawo ka munda kuti tilime fodya wathu. Nyumbayo tinaipeza denga litagwera m'kati, chiswe chitakwera mpaka pamwamba. A Yakobe anamweta udzu, anadula mitengo, anafolera bwinobwino ngati akufuna kukwatiranso. Ine ndinazira pansi ndi pakhonde ndikukwawa ndi mawondo, mimba itafika pakhosi. Tsiku limene tinaika chitseko, ndinatulutsa mapoto onse m'thumba kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dziko lino, n'kuwasanja pathandala. Ndinkangolowa ndi kutuluka popanda chifukwa, kungofuna kumva chitseko chikutsekeka pambuyo panga.

Madalitso atabadwa, a NyaZimba anandisamalira monga mukanachitira inu. Anandiphikira phala, anandichapira, anamusambitsa mwanayo. Koma tsiku limene mchombo unagwa iwo kunalibe, anali ku maliro a mlamu wawo kutsidya kwa dambo. Ndinaukulunga m'kansanza ka chitenje chanu chobiriwira chija, n'kuima pakhomo, wondiuza chochita palibe. Ndiye ndinachita zimene munachita ndi ine, zomwenso ndinakuonani mukuchita ndi ana a achemwali. Ndinakumba dzenje pabwalo, patsogolo pa nyumba, ndinaikamo kansanzako, ndinang'amba chigubu chija n'kudzala kamtengo pamwamba pake. Ndinakatchingira ndi minga, ndinakathirira, mtima uli mbee. Kwathu kwa Chulu dothi ndi la amayi, mwana wamkazi amadzala pamene wafuna, wopempha chilolezo ndi mkamwini. Zoti kuno dothi limayendera kuchimuna ndinkazimva ndithu, koma sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono.

A NyaZimba atabwerako ku maliro anaima pa kamtengo paja nthawi yaitali. Anangoti, "Hmm, mwana wane," n'kulowa m'nyumba mwawo. Ine ndinayesa kutopa kwa maliro.

Mwezi uno utangoyamba kunabwera a Steward pa njinga yamoto. Amenewa ndi mng'ono wa malemu amuna awo a NyaZimba, ndipo ndiwo amayang'anira malo a banjali. Anazungulira nyumba, anayang'ana denga latsopano, anagwira chitseko, kenaka maso awo anatera pa minga paja.

"Nani wabyala mtengo uyu?" anafunsa.

"Ndine, bambo," ndinayankha nditagwada, ndikumwetulira, ndikuyesa andiyamikira.

"Mwabyala imwe? Anakuvomelezani ndani?"

Apa ndi pamene ndinadzithira moto ndekha. Poona kuti nkhope yawo yasintha, ndinati ndiwafewetse mtima. Ndinawafotokozera kuti si mtengo wamba, njere yake inachokera kwa amayi anga, ndipo pansi pake pali mchombo wa mwana. Amayi, munthu uja anabwerera m'mbuyo ngati waponda njoka. Anapita kwa a NyaZimba, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kukhola.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, abale a banjali anasonkhana pabwalo pathu pomwepo, abambo pamipando, amayi pansi. A Yakobe anakhala chipewa chili m'manja, akuchipinda ndi kuchipindula. A Steward anayamba modekha, ndipo sindikufuna kuwanamizira, sanatitukwane.

"Ise sitikana alendo," anatero. "Chimanga byalani, nshawa byalani, fodya byalani. Muzakolola, vizatha. Manje mtengo siukutha. Ise tizamwalila, uyu mwana azakula, azabwela na ndevu zake, azakamba ati mango iyi ni yanga, mchombo wanga uli pano. Nanga Mathew wathu azamuyankha chani?"

Bambo wina wachikulire anawonjezera kuti banja lina kutsidya kwa dambo linataya munda wonse m'njira yomweyi, adzukulu a antchito akale atabwera kudzaloza mitengo imene agogo awo anadzala. Onse anagwedeza mitu. Pamenepo ndikanangopepesa, mwina nkhani ikanathera pomwepo. Koma pakamwa panga mukupadziwa, munapalera nokha.

"Ndiye khanda ili, losatha n'kudzutsa khosi lomwe, ndi limene likuopsa abambo nonse muli apa?" ndinatero. "Denga litagwa, chiswe chikudya nyumba ya Mathew, munali kuti? Lero poti yafoleredwa ndiye mwaikumbuka?"

A Yakobe anandiponda chala, koma mawu anali atatuluka kale. Amayi onse anaweramitsa mitu. A Steward anaimirira, anasasa thalauza lawo, n'kunena kuti, "Chabwino amai. Poti udzu ni wanu, chosani muyende nawo. Pa Sondo ikubwela tisakupezeni muno."

Sabata imeneyo sindidzaiwala. A Yakobe ankadzuka m'mamawa ndi njinga kukafunafuna nyumba, koma mbiri inali itatitsogolera. Kulikonse kumene afika ankafunsidwa kuti, "Ndimwe aja obyala mitengo?" Anafika mpaka kwa Mwase, osapeza kanthu. Amene anavomera ndi a Jones okha, ati chigafa chilipo mpaka fodya adzayambe kuthyoledwa. Ine mapoto ndinawabwezera m'thumba, kenaka kuwatulutsa kuti ndiphike, kenaka kuwabwezeranso. Ndinkati ndikakhala pansi, ndaimirira, ndikaimirira, ndili pakhomo kuyang'ana kunjira. Masana alionse mitambo inkadetsa kum'mawa, mphepo ikuwomba, ndipo Madalitso anayamba kachifuwa. Ndinaganiza zongobwera kumudzi, koma nkhokwe yanu chaka chino mukuidziwa nokha, komanso mbande zathu za fodya zili kale pa nazale kuno. Ndi a Yakobe tinayambana koopsa. Iwo ankati ndagwetsa nyumba ndi lilime, ine ndinkati iwo anakhala duu ngati si bambo wa mwana. Tonse tinkanena zoona, n'chifukwa chake zinkapweteka.

Lachisanu m'mawa a NyaZimba anafika pakhomo ndi makasu awiri. Anakhala pakhonde, anamutenga Madalitso n'kumuika pamiyendo, kenaka anayamba kulankhula osandiyang'ana.

"Mwana wane, ine ninabwela pa mudzi uno nili msungwana, ng'ombe za lobola zinayenda kwathu. Nabala wana pano, amuna wanga naika pano. Manje unionetse mtengo wanga umodzi pa mudzi uno. Palije. Chaka choyamba ninabyala ndimu kuseli kwa nyumba, apongozi anadula na nkhwangwa ine nikuona."

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sanandiuze tsiku lija anabwera ku maliro.

"Ninafuna kukuuza," anayankha. "Koma ninaona masamba yake yabwino, na iwe ukuimba pothilila. Ninati ukhaleko masiku yang'ono."

Kenaka anandiuza kuti dzulo lake anagwira nkhuku n'kupita kukagwada kwa a Steward, munthu amene anamupeza ali kamnyamata pamene iwo ankakwatiwa. Anawapempha mpaka anavomera kuti tikhalebe m'nyumbamo kufikira titakolola, koma mtengowo uchoke, pamodzi ndi chimene chili pansi pake. Ndinati kufukula mchombo wa mwana, zinamvekapo kuti zimenezo? Nanga mwanayo akadwala? A NyaZimba anamufunditsa Madalitso bwinobwino ndi chitenje chawo, n'kundiyang'ana m'maso.

"Mchombo siuzamva mphepo yayi," anatero. "Uyu ndiye azamva. Nyamula khasu."

Tinakumba awiri, a Steward ataima poteropo kuti aone ndi maso awo, a Yakobe atanyamula mwana. Dothi linali gwa, tinachita kuthira madzi kuti lifewe. Tinakumba motalikira, mozungulira, kuti tisadule mizu. Amayi, kamtengo kamene kanakana kukula miyezi yonse ija m'chigubu kanali katatulutsa masamba atsopano ofiirira, ndipo muzu wake unali utalowa pansi kuposa mmene ndinkaganizira. Tinakumba mpaka mkono wonse kulowa, koma ponyamula nsonga ya muzu inaduka, ndipo ndinaimva ikuduka. Pambali pa dothilo panaonekera kansonga ka chitenje chanu chija. A Steward atakaona anavula chipewa, anayang'ana kukhola, kenaka anapita pa njinga yawo n'kumasula thumba la feteleza. Analigwira okha pakamwa ine ndikuikamo kamtengo ndi dothi lake.

"Pepani amai," anatero chapansipansi. "Si ine, ni mwambo chabe."

Ndinangonyamula thumbalo n'kulowa nalo m'nyumba. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa, kaya patuluka kulira kaya patuluka zina zotithamangitsanso.

Mvula inagwa dzulo masana, yamphamvu, ya mabingu. Denga la a Yakobe silinadonthe ngakhale pamodzi. Ndinakhala pouma, mwana ali kubere, thumba lija lili pangodya, ndikulira ngati ndaferedwa, pamene ndinayenera kuthokoza. Dzenje la pabwalo linadzaza madzi, ndipo m'mawa uno a Yakobe alikwirira kuti ng'ombe ingathyokemo mwendo. Chifuwa cha Madalitso chayamba kuchepa. Mapoto akadali m'thumba, ndikumatulutsa imodzi imene ndikufuna kuphikira, ndikatsuka n'kuibwezeramo. Tikadzakolola tidzalowera kuti sindikudziwa, ndipo a Yakobe ndikawafunsa amangoyang'ana kumwamba.

Tsopano pempho langa ndi ili, Amayi. Kamtengoka musakadzale paliponse. Mukadzale pamalo paja pafupi ndi chulu, pamene munaloza kuti ndi panga ndikadzafuna kumanga. Dothi lake musalisase, muliike lonse monga liliri, kansanza kali m'kati momwemo. Mukumbe dzenje lakuya, muthiremo manyowa a m'khola, mutchingire ndi minga yambiri, poti mbuzi za amalume sizidziwa chibale. Masamba ake afota ndi ulendo, mwina ena agwa, koma musafulumire kukataya mtima, kanazolowera kuvutika. Achimwene a Ezron akafunsa mungowauza kuti ndi mango, zinazi zikhale za ife awiri.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi alamu anga, kwa achemwali ndi ana awo onse. Amayi a kwaya muwauze kuti nyimbo zathu sindinaiwale, ndimamuimbira Madalitso akamavuta. A NyaZimba akuti ndikupatseni moni wapadera, ati tsiku lina mango akewo akadzabereka mudzawatumizireko limodzi, adzadye, njere adzataya okha kutali.

Mdzukulu wanu simunamunyamulebe, ndipo tsiku lobwera naye sindingalilonjeze. Koma kachigawo kake katsogola, kali m'manja mwanu. Mukalandire ndi manja awiri, monga mukanamulandirira mwini wake. Mukadzala, muwapemphe achimwene andiimbire, ngakhale mudzi wonse ukhale pakhonde. Inu mudzangonena kuti, "Mlendo uja wafika, tamupatsa malo," ine ndidzamva, ndipo mwina tsiku limenelo ndidzagona tulo.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu,
Agnes, amake Madalitso